Mphindi Khumi Zija Ndazibweza

Mzimba Boma,
Lachiwiri masana

Temwa mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli kwa amama ako aang'ono kuseri kwa msika, kumene wapita kukalukitsa tsitsi. Ndakhala pa tebulo la pabalaza, amama ako ali pa mkeka pakhonde akuothera dzuwa, ndipo sutikesi yako ili pabedi chitsegukire. Ndaiona podutsa. Lero ndi tsiku lachitatu ili yasa, mkatimo muli nsapato ndi zitenje ziwiri basi, chonsecho mawa sikisi koloko uyenera kukhala uli mu minibasi ya ku Lilongwe, mkuja m'ndege ya ku Nairobi. Munthu wopita kukaphunzira zaka zinayi salongedza chonchi.

Usaganize kuti sindikudziwa chifukwa chake. Dzulo pamene umasisita mkono wa amama ako ndi mafuta, ine ndinali kuseri kwa zenera kupopa njinga, ndipo ndinamva zonse. Unati, "Amama, mwina ndiwalembere akusukulu kuti ndidzayambe chaka chamawa. Ndikachoka ine, adada ayambanso kulowetsa nthawi pamanja mu modemu, mbwenu Lamulungu lililonse muzidzangokhala kudikira foni yosalira." Pampu inandigwa m'manja. Ndinakwiya, inde, ndinakwiya kwambiri, mpaka ndinakayenda kufika pa mlatho ndi kubwerako. Koma pobwerera ndinali nditavomereza kuti sunandinamizire.

Ndikudziwa chimene chikukumanga miyendo. Chidwalireni amama ako matenda oumitsa ziwalo aja, mawu awo amatuluka pang'onopang'ono, ndipo pa foni wamba sungawamve pokhapokha ukuona milomo yawo. Nyumba yathunso ili m'chigwa, netiweki ya foni imangothera pa chulu chija cha kumtunda. Ndiye njira ndi imodzi yokha yoti inu awiri muzionana nkhope, ndiyo modemu ija, kabokosi koyera ka intaneti kali pamwamba pa kabatika, ndi mlongoti wake wa pa mtengo wa bulugamu. Kabokosiko kakagona, amama ako alibe mwana. Ndipo amene wakhala akukagoneka ndine. Choncho werenga mpaka kumapeto, usalumphe, kenako ukatseke sutikesi.

Mphindi khumi zimene umandiseka nazo zija sizinayambe ngati matama. Ndinachoka kwathu ku Dedza ndili mnyamata kubwera kudzagwira ntchito pa fakitale yocheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Viphya. Tsiku loyamba lenileni lole yonyamula antchito inandisiya ndikuiona, magetsi ake ofiira akulowa m'nkhungu, ine ndikuthamanga nsapato imodzi ili m'manja. Ndinafika pa ntchito zala zitauma ndi chisanu, anthu onse akundiyang'ana. Madzulo a tsiku lomwelo ndinapititsa wotchi yanga patsogolo ndi mphindi khumi, ndipo sindinasiyidwenso ndi lole. Mpaka pamenepo palibe cholakwa, Temwa. Munthu akamadzinamiza yekha kuti adzuke msanga, ndi nkhani yake. Kunjako nawenso upeze njira yako yosachedwera, sindikuletsa.

Cholakwa chinabwera atandikweza kukhala kalaliki wa pageti. Ntchito yanga inali kumenya chitsulo, limu yakale ya thirakitala yopachika pa mtengo, seveni koloko m'mawa, ndi kuika mtanda wofiira m'buku pa dzina la aliyense wolowa chitsulo chitalira kale. Anthu anayamba kunditcha aTayimukipa, kutanthauza wosunga nthawi, dzina lija amanditchulabe akuluakulu ena kutchalitchi. Ndipo chitsulocho ndinkachimenya ndi wotchi yangayi, osachotsera kanthu. Kunali bambo wina wa ku Euthini, aGondwe, woyendetsa macheka aakulu, amene ankakhala ku makomboni akutali ndipo ankabwera wapansi ndi kawailesi m'thumba la jekete. Tsiku lina anafika chitsulo chitangolira, ine cholembera chofiira chili kale m'manja. Anatulutsa kawailesi kaja ndi kundiika kukhutu. "Pulikani, aTayimukipa, mvetserani nokha, nkhani za seveni koloko sizinayambe." Mu wailesimo munalidi nyimbo. Ukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Pageti pano siilamula wailesi, limalamula ndi dzanja langali." Anthu anaseka, ine ndinamva kukoma. Mitanda itakwana itatu mwezi umenewo, akapitawo anawachotsa ntchito aGondwe.

Ndinadzakumana nawo patapita zaka zambiri, iwe uli kale ku sekondale, tsiku la msika ku Euthini. Anali atakhala pansi akugulitsa anyezi, tsitsi lonse mbuu. Ndinafuna kupatuka koma anali atandiona kale. "Monire aTayimukipa! Nyengo yili uli?" Anafunsa nthawi akuseka, ndipo ine chitsiru ndinayang'anadi pa mkono. Ndinagula mulu umodzi kuti ndichokepo msanga. Iwo anatola anyezi ena awiri ndi kuponya m'thumba langa. "Awa ndi a mphindi khumi zija," anatero. Ndinangothokoza kuti yewo, ndinakwera njinga, osapepesa. Nditabwererako miyezi ingapo pambuyo pake ndinamva kuti anasamukira kwa mwana wawo ku Zambia. Temwa, munthu akakuuza kuti wotchi yako yalakwa, yamba wayang'ana usanayankhe. Ngakhale akhale wosesa m'kalasi, ngakhale iwe utakhala kuti wakhoza mayeso onse, yang'ana kaye. Ndipo ukapeza kuti walakwira munthu, pepesa ali pomwepo, msika usanabalalike.

Za amama ako ndazidziwa chaka chatha chomwechi, ndipo mpaka pano ndikazikumbukira ndimachita manyazi. Ndinawatenga ku Engutwini zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo chinthu choyamba chimene ndinapachika m'nyumba yathu chinali wotchi ya pakhoma, nayonso ili patsogolo ndi mphindi khumi. Ndinkadzitama kwa anzanga kuti mkazi wanga sadziwa, n'chifukwa chake banja lathu silichedwa kutchalitchi. Tsiku lowatulutsa m'chipatala, adokotala anati mankhwala azimwa eyiti koloko m'mawa ndi eyiti koloko madzulo. M'mawa mwake ndinabwera ndi kapu ya madzi muvi wa pakhoma uli pa eyiti ndendende. Anandiyang'ana, anayang'ana khoma, kenako ndi pakamwa popotoka paja anati, "Eyiti ya adokotala. Osati yanu." Ndinafunsa kuti akutanthauzanji. Unali pomwepo iwe, ndipo unaseka mpaka misozi. Unandiuza kuti amama ako anazindikira sabata yoyamba ya ukwati, ndipo iwe anakuphunzitsa kuchotsera khumi uli Sitandade 2, usanadziwe n'komwe kuchotsera kwa kusukulu. Nyumba yonse inkachita masamu kuti ikhale ndi ine, ine ndikuyenda chifuwa patsogolo. Ukakakhala ndi anzako m'chipinda chimodzi kumeneko, kapena tsiku lina ukadzakhala pa banja, uzifunsa ngati pali chimene anthu akuchotsera mwakachetechete kuti akupirire. Amene amakukonda sanena msanga.

Tsopano za modemu. Unailumikiza ndiwe, utangomaliza Fomu 4, unakwera wekha pa makwerero kukamanga mlongoti aneba akukuwa kuti mwana wamkazi atsike. Ine ndinali pansi nditagwira makwererowo, ndikuwauza kuti asiyeni mainjiniya agwire ntchito. Ndinanyada tsiku limenelo, Temwa, ndinanyada ngati ndagula galimoto. Koma utangotsika ndinalanda pasiwedi, ndinaisintha, ndi kuilemba m'kabuku kanga ka m'thumba la malaya. Ndinati mwini nyumba ndi amene amasunga makiyi. Kenako ndinavala magalasi ndi kuyamba kutsegula masamba a modemuyo limodzilimodzi pa foni. Ndinapeza tsamba loikira maola, ndipo poti bandulo inkatha msanga ndi mavidiyo a alendo, ndinalamula kuti intaneti izitseguka sikisi koloko m'mawa ndi kutsekeka naini koloko madzulo. Lamulo limenelo unagwirizana nalo. Koma ndinapezanso tsamba la nthawi, pomwe panali kabokosi kochonga kale, ndi mawu achizungu oti modemu izitenga nthawi yokha pa intaneti. Ndinakufunsa kuti ikutenga kwa ndani. Unati kuli makina kutali amene ntchito yawo ndi kusunga nthawi yolondola, ndipo modemu imawafunsa. Ndinati, "Makina amenewo ndinawaonapo? Anamenyapo chitsulo?" Ndinafufuta chochongacho ndi kulemba nthawi ndekha, kuchokera pa mkono wanga.

Unandichenjeza. Unati modemu ilibe batire losungira nthawi, magetsi akazima imaiwala zonse ndipo ikadzuka imayambira pakati pa usiku wa tsiku loyamba la chaka china chakalekale. Ikaganiza kuti ndi usiku, imatseka intaneti monga ndinailamulira, ngakhale kunja dzuwa lili pamutu. Ndipo zinkachitikadi, mwina kawiri pa sabata. Foni zinkaiona modemu koma osatsegula kalikonse, mpaka ine ndibwere ndi kabuku kanga. Pano ndikuuze chimene sindinauzepo munthu. Zinkandikomera. Chipumireni pa ntchito palibe amene ankadikira kuti ine ndimuuze nthawi, ndiye ndikamalowa pakhomo ndi kumva kuti "Adada abwera, adada tatsegulani intaneti," ndinkamva ngati ndabwerera pageti. Ndinkayamba ndasamba m'manja, kukhala pansi, kupukuta magalasi, inu mukudikira. Mwana wanga, ukadzadziwa chinthu chimene ena sachidziwa, ndipo udzadziwa zambiri, usadzachisunge m'thumba kuti anthu azikudikira. Kukoma kwake ndi kwa kanthawi, ndipo amene amavutika ndi a m'nyumba mwako omwe.

Tsiku la mafunso ako ukulikumbukira kuposa ine, koma ulimve kuchokera mbali yanga. Akusukulu ya ku Nairobi anati adzakufunsa mafunso pa vidiyo teni koloko ya kuno, ndipo wosapezeka pa nthawiyo malo ake apita kwa wina. Ine ndinali pa mzere kuchipatala kukatenga mankhwala a amama ako. Cha m'ma hafu naini magetsi anaphethira, kuzima ndi kuyaka, ndipo modemu inabwerera ku usiku wake. Unathamangira pa chulu ndi kundiimbira. "Adada, ndiuzeni pasiwedi, chonde, msanga!" Ndinayang'ana anthu a pa mzere, ndipo ndinayankha mokweza kuti onse amve, "Chinsinsi sachinenera pa foni. Ndikubwera." Ndinadikira mpaka ndilandire mankhwala, chifukwa patsogolo panga panali anthu atatu okha. Kenako ndinapalasa njinga ngati wamisala, akabaza akunditukwana pa mphambano.

Nditafika pakhomo ndinayang'ana pa mkono. Teni koloko inali itadutsa ndi mphindi zinayi. Mphindi khumi zanga zomwe, zimene ndinaziika ndi dzanja langa ndi kuyenda nazo zaka zoposa makumi atatu, ndinaziiwala. Ndinakhala pansi pa sitepe, njinga itagwa uko, ndipo ndinati, "Tachedwa. Ndakuphera sukulu, mwana wanga." Unatuluka utavala bulauzi yoyera ija, maso ofiira koma mawu osanjenjemera. Unati, "Adada, nthawi yanu si nthawi ya dziko. Kwatsala mphindi sikisi. Ndipatseni kabuku." Sunadikire kuti ndikupatse, unakatulutsa wekha m'thumba la malaya anga. Ndinakutsatira m'nyumba ndi kuima kumbuyo kwako. Sunalembe nthawi pamanja monga ndinkachitira ine. Unachonga kabokosi kaja, unasankha dera la nthawi, unadina posunga, ndipo tinayang'ana. Manambala analumpha okha kuchoka pa usiku wa chaka chakale kufika pa tsiku lenilenilo, kutatsala mphindi zinayi kuti ikwane teni. Laputopu inalira, nkhope za anthu atatu zinatulukira, ndipo unawalonjera m'Chizungu ukumwetulira ngati m'mawa wonsewo unangokhala kumwa tiyi.

Ndinatuluka kukakhala ndi amama ako pakhonde, ndipo tinkakumva pa zenera ukuyankha funso ndi funso. Sindinamve zonse, za mawaya ndi mafunde a matelefoni zinandipitirira, koma ndinamva kuti sukuopa. Amama ako anandigwira bondo ndi dzanja lawo labwino lija. Kalata yokutenga itabwera, anthu kutchalitchi ankandigwira chanza kuti aTayimukipa mwalera bwino, mwana wosunga nthawi ngati bambo ake. Ndinkangoti yewo chomene. Ine ndi Mulungu tikudziwa kuti unapambana pondilanda kabuku. Ndimakunyadira chifukwa cha mayeso, inde, koma kwambiri ndimakunyadira chifukwa cha mphindi sikisi zija. Kumene ukupitako kudzakhala masiku oti wamkulu wakhala pansi pa sitepe akuti zatha. Udzachite zomwe unachita pano. Uone nthawi yeniyeni, uwerenge zimene zatsala, ndipo ugwire ntchito.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, koma iwe ukudziwa kuti sinathere pomwepo, ndipo n'chifukwa chake sutikesi ili yasa. Patangopita masabata atatu ndinabwereranso pa tsamba lija. Chinkandiyabwa n'choti wotchi yanga ikunena china, modemu china, m'nyumba mwanga momwe. Ndinafufutanso chochonga. Unazindikira tsiku lachiwiri magetsi atazima, ndipo sunakalipe. Unangokonza, kundiyang'ana, ndi kunena kuti, "Adada, mwe." Kukalipa kukanakhala bwino. Munthu amene walakwa kamodzi amamukhululukira, koma wobwereza dala amamulondera, ndipo iwe wakhala ukundilondera mpaka kufuna kutaya chaka chathunthu cha moyo wako. Zimenezo sindilola. Sindinakulere kuti ukhale mlonda wa kabokosi, kapena wa nkhalamba youma mutu.

Ndiye tamva zimene zachitika lero utangotuluka. Ndawathandiza amama ako kulowa pabalaza ndi kuwakhazika pa mpando kuti akhale mboni, chifukwa mawu anga okha sungawakhulupirire, ndipo uli ndi chifukwa. Ndafufuta chochonga chija dala, ndazimitsa pa soketi, ndayatsanso. Modemu yadzuka mu usiku wake, intaneti yatsekeka, chimodzimodzi tsiku lija. Kenako ndayamba ndekha, popanda kukuimbira. Ndalumikiza foni ku modemu, ndalemba manambala aja ali pa kapepala ka pansi pake, ndalowetsa dzina ndi pasiwedi. Ndapita pa tsamba la nthawi ndi kuchonga kabokosi koti izitenga nthawi yokha. Pansi pake patuluka mizere iwiri ya maadiresi a makina osunga nthawi, woyamba ndi wachiwiri wodzathandiza woyambayo akapanda kuyankha. Dzanja linafuna kusinthapo kanthu, koma ndalimenya, ndaisiya momwe inalili. Ndadina posunga.

Usaseke msanga, kulakwa kunalipo. Manambala analumphadi, tsiku linali lolondola, mphindi zolondola, koma ola linkati eyiti. Ndinawauza amama ako monyada kuti zatheka, ndi eyiti koloko. Anayang'ana kunja pa chitseko, kenako anati, "Dzuwa lafika apo. Imwe mukuti eyiti?" Inali teni. Kale ndikanati dzuwa ndi limene lalakwa. Lero ndabwerera pa tsambalo ndi kuwerenga mzere uliwonse ndi chala, ndipo ndapeza kuti dera la nthawi linabwerera pa London. Ndatsegula mndandanda wautali uja, Lilongwe mulibe, koma ndakumbukira kuti unati tisankhe pamene palembedwa Harare ndi Pretoria, pa maola awiri owonjezera. Kabokosi kena ka nthawi ya chilimwe ya azungu sindinakakhudze, unati kuno sitisuntha mawotchi ndi nyengo. Ndasunganso. Teni koloko ndi mphindi zake, ndendende ndi foni.

Kenako ndazimitsa pa soketi katatu, ulendo uliwonse ndikudikira mphindi zisanu. Katatu konse modemu yadzuka ili mu usiku wa chaka chake chakale, yakhala choncho kanthawi kochepa magetsi ake akuphethira, kenako yafunsa ndi kudzikonza yokha, intaneti n'kutseguka popanda ine kukhudza kanthu. Ulendo wachitatu amama ako aseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mawu, kumene sindinakumve chidwalireni. Ati, "Kabokosi kakuposani nzeru. Kakadzuka kamafunsa." Ndavomera. Pasiwedi ndailemba ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala ndi kumata mkati mwa chitseko cha kabati, ndipo madzulo ano ndiwaonetsa amama ako aang'ono masitepe onsewa, kuti ine ndikadzakhala pa mzere kuchipatala pasadzakhalenso wothamangira pa chulu. Tsamba la m'kabuku lija ndang'amba.

Iwenso kumeneko ukhale ndi maadiresi awiri. Ndikunena anthu, Temwa. Upeze mmodzi kutchalitchi ndi wina kusukulu, anthu oti ukasokonezeka ungawafunse kuti kodi ndili pati, ndipo akuuze zoona ngakhale zowawa. Masabata oyamba udzadzuka masiku ena osadziwa chimene ukuchita m'dziko la eni, chilankhulo china, chakudya china, anzako m'kalasi akuoneka ngati anabadwa akudziwa kale zonse. Usachite manyazi kufunsa. Usadzitsekere m'chipinda n'kumadziuza wekha mmene zinthu zilili, ine ndayenda njira imeneyo ndipo wayiona kumene imathera. Ukatsika ndege uonetsetse kuti foni yako yasintha ola, Nairobi ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Jekete la buluu lija ulitenge, akuti kumeneko kumazizira ngati ku Viphya. Mapepala ako asakhale mu sutikesi, akhale m'kachikwama ka pachifuwa. Ndipo Lamulungu likadzagundana ndi mayeso, ungotumiza uthenga, amama ako ndidzawawerengera ndipo sadzakwiya. Funsa, mwana wanga, ndabwerezanso, funsa.

Chatsala chimodzi. Wani koloko masana ano ndatsegula wailesi, ndipo nkhani zitangoyamba ndakwera pa mpando ndi kubweza wotchi ya pakhoma. Amama ako anangoti, "Mbwenu masamu atha." Kenako ndavula ya pa mkonoyi, yomwe ija inawachotsetsa ntchito aGondwe, ndi kukoka kachitsulo ka m'mbali. Ndabweza mphindi khumi zija, zonse, osasiyako ngakhale imodzi. Nditatero ndaipititsanso patsogolo ndi ola lathunthu, ndipo ndakaiika m'nsapato yako yakumanja mu sutikesi. Ikunena nthawi ya ku Nairobi, yoona. Lamba wake ndi wamkulu, ukabooletse bowo lina. Ine pa mkono pangotsala mzere woyera, ndipo ndikafuna nthawi ndiziyang'ana pa foni ngati anthu ena onse.

Moyo wanga wonse ndinkaba mphindi khumi kuti ndioneke ngati ndili patsogolo pa anzanga. Iwe kuyambira mkuja ukhala patsogolo panga ndi ola lathunthu, osabera munthu, ndipo ndidzauza aliyense wondifunsa, ngakhale wosandifunsa. Ndimakunyadira, Temwa. Pakamwa pamandivuta kunena, n'chifukwa chake ndalemba.

Kalatayi ndikuisiya pamwamba pa zitenje zako. Ukamaliza kuwerenga usabwere kudzandiuza kanthu, ndingachite manyazi pamaso pa amama ako. Upite pa soketi, uzimitse wekha, uwerenge mpaka handiredi, uyatsenso, ndipo uone. Uyang'anenso mkati mwa chitseko cha kabati. Ukakhutira, longedza ndi kutseka sutikesiyo, ine ndiinyamula pa njinga m'mawa kupita kokwerera minibasi.

Luta makora, upite bwino mwana wanga, Mulungu akutsogolere. Lamulungu likudzali, faifi koloko yako, ife tidzakhala titakhala kale pakhonde, foni ili pa bondo la amama ako. Kuno idzakhala folo koloko, folo ya anthu onse.

Ndine adada ako,
amene kale ankatchedwa aTayimukipa